Tisaweruze Kaputeni Zaharie ndege isanapezeke

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata pa tsamba lanu la makalata, ndili ndi nkhani yomwe yakhala ikundidya mumtima masabata angapo tsopano. Pa gulu lathu la WhatsApp la anthu omwe tinagwirapo ntchito yoyendetsa mabasi wina anaponya kavidiyo ka ndege ija ya ku Malaysia yomwe inasowa mu 2014, MH370, pamwamba pake pali chithunzi cha woyendetsa wake ndi mawu akuti uyu ndiye anapha anthu onse omwe anali mundegemo. Anthu anayamba kuthira ndemanga, ena kutukwana, wina mpaka anati munthu ameneyu akapse ku gehena. Ine ndinangofunsa kuti kodi dzina lake ndani munthuyu? Gulu lonse zii. Amuweruza kale, amutumiza kumoto, koma ngakhale dzina lake lokha sakulidziwa.

Dzina lawo ndi Zaharie Ahmad Shah, ndipo ndiwatchula mwaulemu chifukwa anali bambo wamkulu, wa mkazi ndi ana atatu. Anabadwa mu 1961 ku Penang, chilumba chomwe chili cha kumpoto chakumadzulo kwa Malaysia, sukulu anaphunzira pa Penang Free School. Mu 1981, ali mnyamata wa zaka pafupifupi 20, kampani ya Malaysia Airlines inawatenga ngati wophunzira kuyendetsa ndege nkuwatumiza ku Manila ku Philippines, ndipo atabwerako mu 1983 anayambira pansi penipeni, pa tindege ta mapulopela ta Fokker F27. Kuchoka pamenepo anakwera pang'onopang'ono mmene zimayenera kukhalira, mu 1991 anali kaputeni wa Boeing 737-400, mu 1996 Airbus A330, ndiye mu 1998 anapatsidwa Boeing 777, mtundu womwewo wa ndege yomwe anasowa nayo. Kuyambira 2007 anali mphunzitsi komanso woyesa mayeso apayiloti anzawo pa 777, kutanthauza kuti kampani ikafuna kudziwa ngati munthu akuyenera kupatsidwa chindege chimenechi, mmodzi mwa omwe ankati uyu wakhoza uyu abwereze anali iwowa. Maola awo mumlengalenga anali opitirira 18,000, ndipo oposa 8,000 mwa amenewo anali a pa 777 pomwepo. Zaka pafupifupi 33 pa kampani imodzi.

Ife a pamsewu timadziwa tanthauzo la zaka zimenezo. Munthu sukhala zaka 33 pa chiwongolero chonyamula miyoyo ya anthu ngati uli wopupuluma kapena wa mtima wapachala, amakuona msanga anzako, amakuona makondakitala, amakuona amakaniko. Ndiye kwa apayiloti nkoposa chifukwa iwo amapimidwa ndi madokotala pafupipafupi, nkumabwerezanso mayeso chaka ndi chaka mpaka kupuma ntchito.

Chomwe chimandikhudza kwambiri ndi mmene bamboyu ankakhalira akaweruka. Anali munthu wa manja. Pa YouTube anaikapo mavidiyo ophunzitsa anthu zinthu za pakhomo, mmene ungakonzere eyakondishoni kuti isamadye magetsi ambiri, mmene ungamatire mawindo kuti madzi amvula asalowe, zinthu ngati zimenezo, munthu wa udindo wake, wolandira bwino, koma akugwada pansi ndi sipanala kuwonetsa anthu osawadziwa nkomwe mmene angapulumutsire kandalama kawo. Ankakonda kuphika. Ankauluza tindege toseweretsa ta limoti. Ndipo kunyumba kwawo anadzimangira yekha simyuleta, makompyuta ndi masikirini angapo olumikizana kuti uzikhala ngati uli kutsogolo kwa ndege yeniyeni, ndipo sankabisa ayi, ankaonetsa zithunzi zake pa intaneti kwa anzawo okonda zomwezo. Ndimadziwa madalaivala otero, oti waweruka watopa koma akafika pakhomo wayamba kale kumasula injini ya kagalimoto ka neba, ntchito inawalowa m'magazi basi.

Tsopano usiku uja. Pa 8 Malichi 2014, cha m'ma 00:41, ndege inanyamuka ku Kuala Lumpur kupita ku Beijing komwe imayenera kutera 6:30 m'mawa. Munali anthu 239, apaulendo 227 ndi ogwira ntchito 12, ndipo ambiri mwa apaulendo, 153, anali a ku China. Pambali pa a Zaharie panakhala Fariq Abdul Hamid, mnyamata wa zaka 27 yemwe anali kumapeto kwa maphunziro ake a 777, ndiye kaputeni usiku umenewo analinso mphunzitsi wake. Nthawi ili 01:19 a kunsanja, omwe amalondolera ndege ali pansi, ku Kuala Lumpur anawauza kuti alumikizane ndi anzawo a ku Ho Chi Minh ku Vietnam poti ndege inali ikulowa m'dera lawo, ndipo yankho linali lakuti "Good night Malaysian three seven zero", kungoti usiku wabwino nkutchula nambala ya ulendo. Amenewo ndiwo mawu omaliza. Patangopita mphindi ziwiri transponder, kachipangizo komwe kamauza a kunsanja kuti ndege iyi ndi yakuti ili apa, kanasiya kutumiza uthenga. A ku Vietnam sanamve kanthu. Rada ya asilikali a Malaysia ndi yomwe inaona ndege itakhota nkubwerera, kudutsa dziko lonse kuchoka kum'mawa kupita kumadzulo, kudutsa pafupi ndi Penang, kukwera cha ku Strait of Malacca mpaka inazimirira pa rada cha m'ma 02:22. Kuchoka apo chomwe chinatsala ndi timauthenga tomwe ndege inkapatsirana yokha ndi setilaiti ya kampani ya Inmarsat, komaliza 08:19 m'mawa, ndipo akatswiri powerengera timauthenga timeneti ndi pomwe anapeza kuti inalowera kum'mwera kwa nyanja ya Indian Ocean, kumadzulo kwa Australia, mpaka mafuta kutha. Pa 24 Malichi nduna yaikulu ya Malaysia ya nthawi imeneyo Najib Razak analengeza kuti ulendo unathera kumeneko.

A Mkonzi sindikufuna kubisa mbali yomwe imawapweteka a Zaharie, chifukwa ndikabisa ndikhala ngati omwe ndikuwadzudzulawo. Lipoti la boma la Malaysia lomwe linatuluka pa 30 Julaye 2018 linati kukhota kuja sikunachitike kokha, panali dzanja la munthu pa chiwongolero. Malo omwe transponder inazimira ndi pamalire penipeni pomwe a nsanja ina akusiya ena asanakulandire, ndipo munthu wodziwa bwino njira imeneyo ndi amene angadziwe kuti pamenepo pali kampata. Chachikulu chomwe anthu amagwira ndi simyuleta ija. Apolisi atatenga makompyuta kunyumba, mothandizidwa ndi FBI ya ku America, anapeza zotsalira za ulendo wina woyeserera womwe unachitidwa masabata angapo ndege isanasowe, wokwera cha ku Strait of Malacca kenako nkukhotera kum'mwera kwa Indian Ocean, ndipo bungwe la ku Australia lomwe linkatsogolera kufunafuna, ATSB, linatsimikiza zimenezi mu lipoti lake la 2017. Ngakhale Tony Abbott, yemwe anali nduna yaikulu ya Australia ndege ikusowa, ananena mu 2020 kuti akuluakulu a boma la Malaysia ankaganizira payiloti kuyambira pachiyambi. Ndiye wokayikira a Zaharie sindimutcha wamisala ayi, ali ndi pogwira.

Koma kukayikira ndi kwina, kuweruza ndi kwina. Lipoti lomwelo la 2018 linafufuza moyo wa bamboyu mpaka m'thumba, maakaunti aku banki, inshuwalansi, za kuchipatala, anacheza ndi akubanja ndi anzawo a kuntchito, anaonera makamera a pabwalo la ndege kuyerekeza mayendedwe awo a tsiku limenelo ndi a masiku ena, ndipo sanapeze ngongole yowafinya, sanapeze inshuwalansi yachilendo yogulidwa chakumene, sanapeze matenda a maganizo, sanapeze kusintha kwa khalidwe. Za simyuleta apolisi a Malaysia anati sanaonemo chachilendo choposa maulendo oyeserera. Mtsogoleri wa ofufuzawo, Kok Soo Chon, ananena poyera kuti gulu lake silinathe kupeza chomwe chinachititsa, komanso kuti silingatsutse zoti mwina panali munthu wina wachitatu yemwe analowererapo. Anthu omwe anali ndi mafayilo onse m'manja, zaka zinayi akufufuza, anakana kutchula wolakwa. Ndiye ife wa kavidiyo ka mphindi zitatu pa foni tikumutchula bwanji? Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Ndipo taonani mmene mphekesera zinkasinthira. Poyamba anati ndi anyamata awiri a ku Iran omwe anakwera ndi mapasipoti obedwa, kenako zinapezeka kuti anali anthu ongofuna kukafika ku Ulaya. Kenako anati ndi ndale, poti a Zaharie ankatsatira chipani chotsutsa cha Anwar Ibrahim ndipo pa 7 Malichi, kutatsala maola ochepa ndege inyamuke, khothi linagamula kuti Anwar akakhale kundende zaka zisanu, ndiye akuti kaputeni anakwiya nkupha anthu. Kodi kukonda chipani chotsutsa ndi umboni wa kupha? Anwar yemweyo anakhala nduna yaikulu ya Malaysia mu 2022, ovotera chipani chake ndi mamiliyoni. Kenako anati banja linali litapasuka, akubanja anakana, ofufuza sanapeze. Ngakhale kudutsa pafupi ndi Penang ena anakusandutsa nthano yoti ankatsanzika kwawo, ngati kuti analipo mundegemo akuwaona akusuzumira pawindo. Boma lenilenilo poyamba linauza dziko kuti mawu omaliza anali ena, kenako nkudzasintha patapita masabata, ndipo anthu anali atamanga kale nkhani zambirimbiri pa mawu olakwikawo.

Chifukwa chomwe nkhaniyi imandiwawa chonchi ndikuuzani. Ine ndayendetsa mabasi akuluakulu zaka zambiri, maulendo a usiku ochoka ku Blantyre kupita kumpoto. Ndinali ndi mnzanga, wamkulu kwa ine, ndi amene anandiphunzitsa kutsika zitsetse ndi magiya osadalira mabuleki. Usiku wina basi yake inagubuduzika pa chitsetse, iye anafera pomwepo pamodzi ndi anthu ena. Kusanache nkomwe nkhani inali ponseponse yoti dalaivala anali ataledzera. Munthu yemwe sanalawepo mowa chibadwire, mkulu wa mpingo, ife tonse tikudziwa. Ndipo tinkadziwanso kuti basi imeneyo tinali titaidandaula kangapo za mabuleki, tikanena amangoti pita ulendo uno wokha tikonza ukabwera. Koma wakufa sayankha, ndiye zonse zinamugwera iyeyo, mabwana anapuma bwino, ndipo mkazi wake ankalephera ngakhale kupita kuchigayo chifukwa cha zala zomuloza, ana kusukulu akutchedwa ana a chidakwa chopha anthu. Zoona zake zitadziwika panalibenso wofuna kumva, nkhani inali itazizira. Ndikaona chithunzi cha a Zaharie chikuzungulira ndi mawu aja ndimaona nkhope ya mnzanga uja. Ndimaganizira mayi a kunyumba kwa a Zaharie ndi ana atatu aja, omwe anataya bambo tsiku lomwelo ena onse anataya abale awo, koma iwo okha sanaloledwe kulira bwinobwino chifukwa pageti panali atolankhani, mkati muli apolisi akunyamula makompyuta. Mlongo wa a Zaharie wakhala akuyankhula kwa atolankhani kuteteza dzina la mchimwene wakeyo zaka zonsezi.

Pali china chomwe kavidiyo kaja sikananene, zolakwa za anthu amoyo. Ndege itazimirira pa masikirini a kunsanja panadutsa maola pafupifupi anayi asanadzutse a ntchito yopulumutsa. Ofesi ya kampani inauza a kunsanja kuti ndege ili bwinobwino mumlengalenga mwa Cambodia, pomwe ankangoyang'ana njira yomwe kompyuta imayerekeza kuti ndege ikanakhala, osati pomwe inali. Asilikali anaiona pa rada ikudutsa dziko lawo lomwe usiku koma sanatumize ndege yoti ikaone kuti ndi ndani. Pafupifupi sabata yathunthu zombo ndi ndege za mayiko ambiri zinkafunafuna ku South China Sea, mbali yolakwika, nthawi ikupita, zizindikiro pamadzi zikumwazika. Batire la kachipangizo kolira pansi pa madzi ka imodzi mwa ma black box, zipangizo zomwe zimajambula mawu a apayiloti ndi mmene ndege ikuyendera, zinadzadziwika kuti m'mabuku linali litatha nthawi yake mu Disembala 2012. Lipoti la 2018 litangotuluka mkulu wa bungwe loyang'anira za ndege ku Malaysia, Azharuddin Abdul Rahman, anatula pansi udindo chifukwa cha zomwe zinapezeka kunsanja. Zimenezi ndi zotsimikizika, zolembedwa, zili ndi eni ake. Koma sizimayenda pa WhatsApp chifukwa zilibe nkhope imodzi yoti uyithire malovu.

Wina pagulu paja anandiyankha kuti achimwene kodi simukudziwa kuti apayiloti amagwetsa ndege dala? Ndikudziwa. Sitifunika kupita kutali, anansi athu a ku Mozambique zinawachitikira pa 29 Novembala 2013, ndege ya kampani yawo ya LAM yochoka ku Maputo kupita ku Luanda inagwa ku Namibia nkupha anthu 33 onse, ndipo ofufuza anapeza kuti kaputeni anadzitsekera yekha kutsogolo mnzake atatuluka nkuitsitsa dala. Za ndege ya kampani ya Germanwings mu 2015 ku mapiri a ku France chimodzimodzi. Koma kusiyana kwake ndi kwakuti kumeneko ma black box anapezeka, anthu anamva ndi makutu kugogoda pachitseko, anaona mabatani omwe anatembenuzidwa ndi nthawi yake. Mlandu unali ndi mboni. Wa MH370 mboni yake ili pansi pa nyanja yakuya makilomita angapo ndipo sinafunsidwebe.

Zomwe nyanja yabweza ndi zidutswa chabe, ndipo zambiri zafikira mbali yathu ino ya Africa. Chidutswa choyamba cha phiko chinapezeka pa chilumba cha Réunion pa 29 Julaye 2015. Zina zinatoledwa m'mphepete mwa nyanja ku Mozambique, ku South Africa, ku Madagascar, ku Mauritius, ndipo chidutswa chachikulu cha phiko chinapezeka pa chilumba cha Pemba ku Tanzania mu 2016. Akatswiri a ku Australia atachipima chimenecho anati chikuoneka kuti sichinali chotambasulidwa mmene chimakhalira munthu akamakonzekera kutera, ndipo izi zinafooketsa nkhani ina yomwe inafala yoti payiloti anaitsetsereza bwinobwino pamadzi kuti imire yathunthu isasiye chizindikiro. Kufunafuna pansi pa nyanja kunatenga dera la masikweya kilomita 120,000 mpaka anaimitsa mu Januwale 2017, kampani ya Ocean Infinity inayesanso mu 2018 osaphula kanthu, ndipo mu 2025 boma la Malaysia linagwirizananso nayo kuti ikapeza ilandire madola 70 miliyoni, ikapanda kupeza isalandire kalikonse.

Ife Amalawi sitingati nkhani ya ndege yosowa ndi ya kutali. Pa 10 Juni 2024 tinagona osagona tikudikira kumva za ndege ya asilikali yomwe inanyamula Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko a Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu, mpaka inapezeka tsiku lotsatira m'nkhalango ya Chikangawa. Linali tsiku limodzi lokha koma mukukumbukira mmene mitima inalili, ndi mmene mafoni anadzadzira ndi nkhani zosiyanasiyana aliyense ali katswiri. Ife tinapeza matupi, tinaika maliro, tili ndi manda oti tikalirepo. Abale a anthu 239 aja adikira zaka zoposa 10 opanda ngakhale fupa. Ndipo mundege ya ku Chikangawa munalinso oyendetsa ake, asilikali omwe anasiya mabanja, omwe mayina awo satchulidwa kawirikawiri ngati a enawo.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi ndi atolankhani anu ndi ili. Mwezi wa Malichi ukamafika mukamalemba zokumbukira MH370, kapena tsiku lomwe kudzamveke kuti zombo zija zapeza kanthu, lembani dzina la a Zaharie Ahmad Shah lonse, lembani zaka zawo 33 za ntchito ndi maola awo, lembani za simyuleta ija ndithu musabise, koma pambali pake lembaninso zomwe lipoti la 2018 linapeza ndi zomwe linakana kunena. Mutchulenso Fariq Abdul Hamid, mnyamata yemwe anali atangotsala pang'ono kumaliza maphunziro ake pa 777, ndi anthu 10 ogwira ntchito mkati mwa ndege omwe usiku umenewo anangopita kuntchito ngati masiku onse. Black box ikadzapezeka nkuonetsa kuti kaputeni ndiye anachita, ine ndemwe ndidzalembanso kalata pa tsamba lomweli kuvomera, ndipo ndidzalira nawo abale a anthu aja. Kavidiyo kaja ndinapempha adimini wa gulu lathu kuti akachotse, anakachotsa, koma kanali katatumizidwa kale ku magulu ena.

Ndine wowerenga wanu,
Dalaivala wopuma ntchito,
Chilomoni, Blantyre